Tayala Lotupa pa Ulendo wa ku Manda

Zaka zija za mizele yogula unga, matayala atsopano sanali kupezeka mu Lusaka. Tayala la kutsogolo la vaneti yanga litang'ambika, bamakanika ba ku Kanyama banaika chigamba mukati, chodula ku tayala lina lakufa. Linatupa mbali imodzi monga chithupsa. Nikathamanga, siteling'i inali chabe bwino. Koma nikayenda pang'onopang'ono inali kugwedezeka m'manja, motoka nayo kuyenda monga bakha.

Manje baneba bathu ba ku komboni ya George banamwalila, banja linanipempha kunyamula bokosi. Malilo sathamanga, mudziwa. Titangochoka pa nyumba vaneti inayamba kuvina, bokosi kumbuyo gu, gu, gu.

Nyimbo inaleka. Balongo bake ba malemu banakuwa: "Akana kupita! Alipo amene anamudya!" Maso onse pa bamayi bofedwa.

Mutima unaniwawa. Mwamuna anadwala chifuwa chaka chonse, mukazi wake ndiye anali kumusambika, lelo tayala langa limusandutse mfiti?

Ninaimika, nati kuli balongo baja: "Bamayi, bwelani mugwile tayala ili!"

Beve banayankha: "Iwe yendetsa motoka, va banja si vako."

Ninatulutsa jeke pamsewu pomwepo, bokosi lili momo, naika tayala langa la sipeya lakutha, mawaya ali panja. Chotupa chija ninachizungulutsa kuti aliyense aone. Tinafika ku manda bokosi lili zii, ndipo bamayi bofedwa palibe anabalozanso chala. Koma balongo baja mpaka lelo sibanipatsa moni.