Makina Amene Felisiyano Anasiya Akuyaka

Ndinadzuka kunja kusanache. Kudzuka ndikungonena, pakuti m'siwa munthu sagona, amangotsamira khoma n'kutseka maso. Nyimbo zinali zitatha mphamvu. Azimayi anali atagwera uku ndi uku pamphasa, mmodzi yekha pakona ndiye ankakokabe nyimbo ndi mawu osasa. Bokosi linali pakati pa nyumba, ndipo m'bokosimo munali Felisiyano.

Felisiyano anali mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi woyamba. Anabadwira ku Zambia tili kothawa nkhondo. Mayi wake anatsala konko m'dothi, ine ndinabwera naye kuno ku Chipera ali kumsana. Ankanditchula akazi anga, ine amuna anga, monga timachitira ndi adzukulu, ndipo atakwatira Roza ndinapeza mkazi mnzanga womanyozana naye pamtondo. Anagwa ndi mota, njinga yake yamoto, pakhwawa pochokera ku Fingoe, msewu utaterera ndi mvula. Anabwera naye kumudzi atamukulunga m'kapulana, chitenje cha munthu amene sindimudziwa.

Chimene chinandidzutsa si maliro. Kuseri kwa khoma, m'chipinda chake chogwiriramo ntchito, makina ankalira mosiyana ndi masiku onse, ngati munthu wokwera phiri.

Ntchito yake inali kujambula. Maukwati, ubatizo, makwaya, tizithunzi ta pamapepala a boma, zonse ankajambula iye, kuyambira kuno mpaka ku Chiputo. Zonsezo ankazisunga m'makina akuda, aakulu ngati chitini cha mafuta ophikira, amene iye ankawatchula sevidolu. Pambali pake panali kanzake ka nyanga ziwiri. Kakayaka kameneko, anthu ankangoima pakhonde ndi matelefone awo, zithunzi n'kumalowa zokha popanda chingwe. M'mimba mwa makinawo muli madisiku awiri osungira zithunzizo. Anandiuza kuti ali ngati mboni ziwiri: chimene wina wasunga, mnzake wasunganso, kuti mmodzi akafa nkhani isafe. Mmodzi anafadi. Felisiyano anagula wina, ndipo m'mawa wa ulendo wakewo anamulowetsa ine ndikuona.

“Akazi anga,” anatero akumanga chipewa, “wakaleyu tsopano akufotokozera watsopanoyu zonse kuyambira pachiyambi. Koma nayenso ndi nkhalamba ngati inu, akutsokomola. Magetsi akazima ali pakati, mwina sadzukanso. Diso ili likamaphethira lachikasu, asamugwire munthu, asamufunse kanthu. Likabiriwira, basi watha.”

Ndinamuyankha kuti nkhalamba ndi iyeyo, ndipo anapita akuseka. Ine zilembo za pamakinawo sindiziwerenga, koma chikasu ndi kubiriwira ndimasiyanitsa.

Ndinadumpha miyendo ya anthu n'kulowa m'chipindamo. Wina anali atawafunditsa makinawo kapulana. Sindinafunse kuti ndani. Anachita mwaulemu, poona kuti ndi chinthu cha malemu ndipo chikuphethira pamaso pa anthu olira. Koma makinawo amapumira kumbuyo, ndipo nditaika dzanja anali otentha ngati mwana wa malungo. Ndinachotsa kapulanayo, ndinawasendeza pang'ono kuchoka kukhoma, n'kutenga nthenga imene iye ankasomeka kudenga, ndikupukuta fumbi pa timabowo take. Kulira kuja kunatsika pang'onopang'ono. Diso linkaphethirabe lachikasu.

Pansi pa tebulo panali bateriya, ndipo pa bateriyapo panali matelefone a anthu obwera kumaliro, ambirimbiri, akuyamwa ngati ana a nkhumba. Kabokosi ka pakhoma kosonyeza mphamvu kanali katatsala ndi timizere tochepa. Ndinazula matelefone onse n'kuwaika m'lichero pakhomo. Ndinazimitsanso nyale ya m'siwa, poti nayonso inkayamwa pomwepo. Azimayi anadzidzimuka mumdima, wina n'kuyatsa kandulo.

Kunja kunayamba kuyera, koma dzuwa silinatuluke. Mitambo inali itakhala pamapiri ngati yabwera kudzakhuza nayonso. Moto wa azibambo unali utasanduka phulusa, iwo atadzikulunga m'majekete mozungulira. Kuseri kwa nyumba azimayi ankakoleza moto wina ndi nkhuni zonyowa, utsi n'kumayenda pansi osakwera. Okumba manda anadutsa ndi makasu paphewa. Ine ndinapita kukhola la mbuzi kumene painelu ya dzuwa imatsamira, n'kuipukuta ndi nsonga ya kapulana wanga, pakuti nkhuku zinali zitaiipitsira. Ndinaitembenuzira kum'mawa ngakhale kunalibe choti ione.

Mlongo wanga, amene ndiye mwini mbumba, anandipeza pomwepo. Anati katundu yense wa malemu asonkhanitsidwe m'chipinda chimodzi, amangidwe, asagwiridwe mpaka tsiku lometa. Ndi mwambo, ndipo ine ndaumangira anthu ambiri mitolo yotero. Zovala zinalowa, nsapato, kamera yake, wailesi. Kenaka analoza makina.

“Chimenechonso chizime, alongo. Mwini wake wagona, icho chikuyakira yani?”

Ndinamufunsa ngati mbuzi za malemu nazonso tizimange m'mtolo.

“Mbuzi ndi mbuzi.”

“Nanga lero zigona ndi njala poti mwini wake wagona?”

“Inu alongo, chitsulo chimadya?”

“Chimadya dzuwa, achimwene. Ndipo anachisiya chili pantchito.”

Anati ukalamba wandilowa m'mutu, koma makinawo sanawagwire. Anangotseka chitseko n'kuuza anyamata kuti mtolo aumangire kumbali.

Anthu anayamba kufika kadzutsa asanapse. A kuno anabwera wapansi, a kutali panjinga, matope mpaka m'mawondo. Anzake okumba golide anafika pamota atapanikizana, nkhope zili zofiira ndi dothi la m'maenje. A ku Chiputo ena anabwerera pamtsinje, madzi atawakaniza. Mabanja amene tinathawira nawo ku Zambia anabwera pamodzi n'kukhala mbali yawoyawo monga amachitira. Mayi aliyense akafika pamphambano ankayamba kulira, n'kulowa m'siwa, n'kutuluka akupukuta maso, n'kukafunsa mpeni wosendera maungu. Ndinkawaona onsewo ngati ndikuonera patsidya. Ankandigwira dzanja, ine n'kumayankha zoyenera.

Kenaka kunafunika chithunzi choti chitsogole bokosi. Anafufuza m'matelefone a anthu onse aja, ndipo nkhope ya Felisiyano sinapezeke. Munthu amene anajambula mudzi wonse ankaima kuseri kwa kamera nthawi zonse. Telefone yake inasweka pakhwawa paja. Ya Roza inali yopanda kanthu, pakuti iye ankakonda kukokolola zonse n'kuziika m'makina kuti telefone isadzaze. Ukwati wawo unali m'menemo. Tsiku limene anabwera ndi Tereza kuchokera kuchipatala linali m'menemo. Tereza ndi mwana wawo, amene wangoyamba kumene kulumikiza mawu. Apo m'pamene ndinamvetsa chimene ndinkalondera. Nkhalamba ija ikafa isanamalize, mwanayo adzakula osadziwa kuti bambo wake ankaoneka bwanji, ankayankhula bwanji.

Roza mwini wake anabwera, atagwiridwa mkono ndi mayi ake. Kuyambira pamene mtembo unafika anali asanandiyankhule. Anati ayatse ka nyanga ziwiri kaja pang'ono chabe, atenge chithunzi chimodzi. Ndinamuuza zimene mwamuna wake ananena, kuti asafunsidwe kanthu.

“Ambuya, manda sadikira.”

Ndinati ndikudziwa. Anayang'ana chitseko chija, anandiyang'ana ine, n'kubwerera pamphasa pake. Akanandilalatira zikanakhala bwino.

Bokosi litatuluka panja, khamu linali litadzaza bwalo mpaka m'munda wa chimanga. Wotsogolera kwaya anabwera ndi koluna, chija chokuzira mawu, n'kupempha bateriya. Anali mwana waulemu, anagwada popempha. Anati akatekisita sangamveke kumbuyo, ndipo mbiri ya malemu iyenera kumveka kwa onse amene ayenda mtunda wonsewu. Zinali zoona. Ndinakana. Anapemphanso, ndinakananso. Ndinamva azimayi ena kumbuyo kwanga akunong'ona kuti mayiyu wakonda wailesi kuposa mdzukulu wake.

Motero mwambo unachitika ndi pakamwa pokha. Akatekisita anakuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera. Mlongo wanga anafotokoza mbiri, mphepo n'kumaitenga. A kutsogolo ankagwedeza mitu, a kumbuyo ankafunsana kuti akuti chiyani, ena n'kuyamba nkhani zawo za feteleza. Mdzukulu wanga anatchulidwa ntchito zake zonse, ndipo ochuluka sanamve. Ndinakhala pamphasa miyendo ili tambalale, ndikudziwa kuti zimenezo ndachititsa ndine.

Dzuwa linasuzumira pang'ono masana, lofooka, lopanda mthunzi weniweni. Ndinanyamuka pakati pa nyimbo n'kukatembenuza painelu. Anthu anandipatsa njira, akuganiza kuti ndikupita kuseri. Ndisanabwerere ndinasuzumira m'chipinda muja. Diso linali lachikasube, ndipo pa kabokosi ka pakhoma panali kamzere kofiira. Ndinatseka zenera kuti mvula ikabwera isalowe, n'kusiya mpata wa mpweya. Panalibenso china chimene ndinkadziwa kuchita.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda. Mtanda unali patsogolo, wopanda chithunzi. Anyamata ankalandizana bokosi akutereraterera, anzake a kumigodi osafuna kulisiya ngakhale nthawi yawo itatha. Njira yathu imadutsa m'chimanga, ndipo chinali chitakula bwino chaka chimenecho, masamba ake ankatikwapula m'mapewa. Azimayi awiri anandigwira uku ndi uku ngati ndingagwe. Sindikanagwa. Miyendo inkayenda yokha.

Kumanda dothi linali lofiira ndi lolemera, m'dzenje mutadikha timadzi. Anatsitsa bokosi ndi zingwe. Roza anafuna kulitsatira, anamugwira. Ine ndinaima pamene anandiimika. Anthu onse ankayang'ana pansi, ine ndinkayang'ana kumwamba, kumene mtambo wakuda unkachokera cha ku Fingoe n'kumameza kadzuwa kaja. Anandipatsa dothi m'manja, ndinaponya, ndinalimva likugunda thabwa. Ndinadikira kuti misozi ibwere. Chimene chinabwera ndi mvula. Okumba manda anafulumiza makasu, nkhata za maluwa zinaikidwa mothamanga, ndipo pemphero lomaliza analidula.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pamphambano, anadya ataimirira m'makonde, n'kuyamba kubalalika kuti mitsinje isawatsekere. Mamota analira limodzi n'kutha. Eni matelefone anatola zawo m'lichero, ena akudandaula kuti zazima. Ine anandikhazika kunyumba kwa mlongo wanga, kumene anamfedwa tinkalandira otsanzika, ndipo sindikanatha kuchokapo. Aliyense ankati limbani mtima, ambuya. Mvula inagwa mpaka kunja kuchita mdima.

Nditabwerera kwa Felisiyano, nyumba inali itasesedwa. Mphasa zinali zitapindidwa, pakati pamene panali bokosi panangotsala mizere ya tsache. Roza anali atakhala pansi atatsamira khoma, Tereza ali mtulo pamiyendo pake. Ndinaima n'kutchera khutu. Kuseri kwa khoma kunali zii. Kukukuta kwa makina kuja, kumene ndinali nditakuzolowera ngati kupuma kwanga, kunalibe.

Ndinakhala pakhomo pa chipindacho, dzanja lili pachitseko, osatsegula. Ndinaganiza kuti bateriya yatha tili kumanda, nkhalamba yagona ili pakati pa nkhani. Ndinaganiza za mtanda wopanda chithunzi ndi khamu limene silinamve kanthu, kuti zonsezo zapita pachabe. Mumtima simunapweteke. Munangokhala ngati m'nkhokwe ya mwezi wa njala.

Ndinakankha chitseko. Mumdima muja munali kadontho kamodzi kobiriwira, kosaphethira. Ndinaika dzanja pamakinawo. Anali ofunda pang'ono, akupuma pansipansi.

Ndinkayesa ndisangalala. Ndinangoima. Kenaka ndinaitana Roza n'kumuuza kuti atha kuyatsa tsopano, koma achite msanga poti mphamvu yatsala pang'ono. Anagoneka mwana pamphasa, analumikiza ka nyanga ziwiri kaja, n'kukhala pansi ndi telefone yake. Pofulumirapo, anatsegula chimene chinali pafupi. Sunali ukwati wawo. Unali ubatizo wa ana a anthu ena, azimayi atandandalika pakhomo pa tchalitchi. Nkhope yake panalibe. Koma mawu anatuluka, akulu, apafupi, ngati waima pakhonde.

“Senderani kuno, amayi, dzuwa likukuthobwani m'maso. Inu akumbuyo, mwabwera kumaliro kapena? Sekani!”

Tereza anadzuka. Sanayang'ane telefone. Anaimirira, anayenda mwapendapenda mpaka pachitseko cha panja, n'kugwira mphuthu ndi manja onse awiri, akusuzumira mumdima.

Roza anazimitsa. Madzi ankadontha kuchokera kudenga kugwera m'ndowa. Mwanayo anaimabe pomwepo, ndipo pakati pa ife awiri panalibe amene anadzuka kukamutenga.