Jombo za Eni

M'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire, Bambo amakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi chitseko n'kuvala nsapato za munthu wina. Amayamba alowetsa dzanja mkati, kupapasa ngati muli msoko wotuluka. Akatero amavala sokosi, kumanga zingwe mpaka m'mwamba, kuimirira, kunyanyamphira katatu, ndiyeno n'kupempha tiyi. Basi sakwera. Kuchokera kwathu kukafika kuntchito ndi ola lathunthu, ndipo amadzera dala kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, kumene kuli chitunda cha miyala.

Bambo ndi mesenjala pakampani yokonza maulendo a tchuthi a kunja. Si maulendo okagona m'mahotela ayi. Anthu amapita m'magulu a khumi kapena khumi ndi awiri, ena kukayenda pansi m'mapiri sabata yathunthu, ena kukapalasa njinga, ena kukaona nyama ndi ana awo omwe. Ofesi yake ndi zipinda zitatu pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ndipo pakhoma lililonse pali mapu. Ine ndinalowako chaka chatha. Ndimaika mapepala m'maenvulopu ndi kuyankha foni abwana akachoka.

Opita kumapiri timawauza kuti atenge jombo zofika mu akakolo, zimene ayenda nazo kale. Ambiri amamva mochedwa. Amagula jombo kutatsala milungu iwiri, n'kuzisiya m'bokosi, poti kuntchito kwawo sangalowe nazo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, loya wina anabwerera paulendo tsiku lachiwiri, mapazi ali matuza okhaokha. Anabwera mu ofesi atavala patapata, naponya jombo zake patebulo, nakalipa ngati kuti anazisoka ndi abwana. Bambo anali pakona akumata masitampa. Loya atatuluka, anatola jombo imodzi, naipinda ndi manja, n'kunena chapansipansi kuti nsapatoyi ilibe mlandu, yangosowa woiphunzitsa. Abwana anamva. Kuyambira pomwepo, mlendo wa saizi eyiti kapena naini akadandaula kuti alibe nthawi, amauzidwa kuti asiye bokosi pakhomo la ofesi.

Saizi zina Bambo amakana, ngakhale munthu achonderere. Amati jombo imapinda pamene phazi loyamba kuivala lapinda, ndipo khwinya limenelo silichoka. Phazi likasiyana ndi la mwini wake, khwinya limagwera polakwika n'kumamuluma mpaka kale. Jombo imodzi amaipatsa masiku khumi ndi awiri, kupita ndi kubwerera, kuphatikiza ndi maulendo a ku positi ofesi ndi kubanki. Akaibweza amanena kuti yapsa, ngati chipatso.

Dalaivala wathu ndiye anawapatsa dzina loti a Chidendene, ndipo mpaka wogulitsa mankhwala pansi paja amawaitana choncho. Alendo akabwerako amatumiza zithunzi. Ife timaona chipale chofewa, milatho ya zingwe, anthu akukweza manja pamwamba pa phiri. Bambo amati ndiwakulitsire chithunzi cha kumapazi. Akazindikira jombo zawo amagwedeza mutu, n'kuti iyi inali yamakani, kapena iyi inamva msanga. Amayi, amene amasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde pathu, amawaseka kuti nsapato zawo zaona dziko lonse, koma iwo adziwa positi ofesi basi. Bambo amayankha kuti positi ofesinso ndi yakutali, kungoti anthu saijambula.

Lolemba lina mwezi watha, abwana anawaitana m'chipinda chawo. Chitseko sanatseke, ndipo ine ndinali pafupi, pamakina okopera mapepala. Munthu wina anali atalephera ulendo wa masiku asanu ndi atatu woyenda m'mapiri, wonyamuka Loweruka la sabata yotsatira. Malo anali olipiridwa kale. Abwana anati malowo ndi a Bambo ngati akuwafuna, ndipo ayankhe pofika Lolemba linalo kuti dzina lilembedwe patikiti. Pasipoti Bambo anali nayo. Anaitenga zaka zisanu zapitazo atalonjezedwa ulendo wina umene sunachitike, ndipo inkangokhala m'chitini pamodzi ndi makadi athu a sikelo.

Bambo anathokoza ataika manja kumbuyo. Kenako anayang'ana pansi. Kumapazi kwawo kunali jombo zofiirira za dokotala wa mano, amene anazibweretsa Lachisanu, ndipo iyeyo anali pagulu lomwelo. Zawozawo Bambo analibe. Moyo wawo wonse wapantchito anali asanasowepo chovala kuphazi, moti sanaganizepo zogula.

Abwana anawapatsa kalata yokatengera jombo kusitolo kumene timatumiza alendo, ndipo anati za dokotala azibweze, mwini wake akazionere yekha. Jombo zatsopano Bambo anakatenga tsiku lomwelo, zakuda, zolimba ngati thabwa. Koma za dokotala anakana kubweza. Anati anazilandira ndi manja awiri, ndipo munthu sasiya nsapato yapakatikati, imakhala yoipa kuposa yatsopano.

Lachiwiri anatulukira nzeru. Anavala yofiirira kumanzere, yakuda kumanja. Anati mawa adzasinthanitsa, ndipo potero zonse zidziyendera limodzi. Anayenda choncho mpaka kuntchito, anthu akuwacheukira. Dalaivala ataona anagwira chitseko cha galimoto kuti asagwe ndi phwete.

"A Chidendene, mwakwatira mitala?"

Bambo anamulongosolera. Dalaivala anawerenga ndi zala, nawauza kuti mapazi akadali awiri ndipo nsapato zikadali zinayi, choncho iliyonse ipeza theka la ulendo. Zonse zidzafika Loweruka zili zosapsa. Bambo anatembenukira kumapu a pakhoma. Madzulo ake anapukuta yakuda ija, naibwezera m'bokosi, bokosi n'kulowetsa pansi pa bedi.

Pachakudya anatiuza maganizo awo. Anati iwo akhala zaka zonsezi akuuza anthu kuti wopita ndi jombo zosapsa amabwerera tsiku lachiwiri, ndipo asanabwerere amayamba wachedwetsa gulu lonse. Mlendo akachedwetsa anzake, amamupirira, poti nawonso ndi alendo. Nanga akakhala mesenjala wa kampani yomwe, wopatsidwa malo aulere? Anati adzaona Lamlungu. Tonse tinamva kuti akutanthauza kukana. Amayi sanaseke tsiku limenelo. Anangosonkhanitsa mbale.

Lachinayi magetsi anazima ku ofesi, ndipo abwana anandiuza kuti ndizipita masana. Ndinabwerera wapansi, ndipo nditafika pachitunda cha miyala chija ndinaona mayi wina akutsika, atanyamula mpukutu wa nsalu yabuluu pamutu, akuyenda ngati bakha. Anali Amayi. Pansi pa siketi yawo yaitali panali jombo zakuda za Bambo. Amayi amavala saizi faivi. Kutsogolo kwa jombo anali atatsenderako tizidutswa ta nsalu, zingwe atazizunguliza kawiri pamwendo. Thukuta linali kamukamu.

"Ukanena, usadzandibweretserenso diresi loti ndikuchepetsere," anatero asanaime n'komwe.

Anati anayamba Lachitatu, Bambo atangochoka. Anati mwamuna ameneyu sangakane ndege chifukwa cha chikopa cha ng'ombe iwo ali moyo, ndipo ngati nkhani ndi kuyenda, nawonso ali ndi miyendo. Ine za khwinya ndinkazidziwa, ndinazimva kambirimbiri. Ndinafuna kuwauza. Ndinayang'ana mmene ankapumira, ndinayang'ana chitunda chimene anali atakwera kale ndi kutsika, ndipo ndinangolandira mpukutu uja n'kuwanyamulira. Mpaka lero sindidziwa ngati pofika tsiku limenelo panali kanthu koti n'kupulumutsa.

Lamlungu masana Bambo anatulutsa bokosi, nakhala nalo pampando wawo. Amayi anali pamakina, akusoka kolala. Bambo analowetsa dzanja m'jombo monga amachitira, ndipo linatuluka ndi kachidutswa ka nsalu yabuluu. Anakaika pabondo. Anatembenuzira jombo kowala. Khwinya linalipo, lakuya bwino, koma osati pamene zala zawo zimapindira. Linali kumbuyo, pamwamba pa phazi, pafupi ndi bowo loyamba la chingwe. Anavala zonse ziwiri, naimirira, nanyanyamphira kamodzi kokha. Makina a Amayi anasiya kulira.

"Mwayenda nazo mpaka kuti, mayi?"

"Kusitolo ya nsalu, katatu. Dzulo ndinakaona alamu anu kuchipatala."

"Kudzera pachitunda?"

"Nanga si mumati pamsewu wosalala sizimva?"

Bambo anakhala pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati mmene amafotokozera alendo, kuti pansi pake pafewadi, m'mbalinso mwamasuka, ntchito ya masiku asanu ndi atatu yachitika m'masiku anayi. Koma khwinyalo lidzawadinda pamwamba pa phazi nthawi iliyonse akaponda, pokwera makamaka, ndipo palibe mafuta kapena nyundo yoti n'kulisuntha. Zina zatsopano sizingapse m'masiku asanu. Amayi anamvetsera atagwira kolala ija. Kenako anati safunsa anadya phula, ndipo mawu awo sanamveke ngati a munthu woseka.

Bambo anawapempha kuti avule sokosi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kuyambira Lachinayi Amayi ankavala sokosi m'nyumba, kunja kukutentha. Anakana kaye, n'kuti akapsereza nyemba pamoto, koma Bambo anali atakoka kale mpando. Zidendene zonse ziwiri zinali zosupuka, tuza lina litaphulika n'kumatirira ku ulusi. Bambo anandituma madzi ofunda ndi mchere, natenga pulasitala ndi sizasi m'thumba lawo la kuntchito. Anatsuka, naumitsa, nadula pulasitala mozungulira kuti asamatuke m'makona. Akumata, anati phazi limeneli akanakhala mlendo akanalibweza pakhomo pomwe. Amayi anati n'chifukwa chake sanadzere ku ofesi.

Dzuwa litapendeka ndinawapeza Bambo kuseri, akupaka mafuta jombo za dokotala. Ndinakhala pambali pawo. Patapita nthawi anayamba okha.

"Yankho ndinali nalo kale, mwanawe. Jombo sizinapse. Linali yankho labwino. Abwana akanalimva, dalaivala akanalimva, inenso ndikanalimva."

Anati chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali chikopa chokha. Sanakwerepo ndege. Sadziwa kuti pagome la alendo munthu amakamba chiyani ndi dokotala amene dzulo lake unkamuvalira nsapato. Zithunzi zija anazizolowera kuzionera kumapazi, ndipo sankadziwa ngati maso awo angakwanitse zapamwambazo. Jombo zolimba zinali zitawabisira zonsezi bwinobwino pansi pa bedi.

Tsopano, anatero, akakana ndiye kuti wawakanitsa ndi mkazi wawo. Iwo sangadzanene, koma Amayi adzazinena okha mumtima nthawi iliyonse akaona bokosi lija, mwina mpaka ukalamba. Akavomera, ndiye kuti masiku asanu ndi atatu akulumidwa phazi, ndipo mwina tsiku lachiwiri kapena lachitatu adzakhala iwo amene gulu likuwadikira pamwala. Anandifunsa kuti ndikuona bwanji. Ndinati sindikudziwa. Anati nawonso, napitiriza kupaka mafuta, akulowetsa kansalu m'mphepete mwa msoko.

M'mawa mwake anadzuka nthawi yawo. Anadula mapulasitala awiri aatali, namata pamwamba pa phazi lililonse, pamene khwinya limagwera. Anavala jombo zakuda. Za dokotala anaziika m'thumba, n'kuti azivala popita kubanki ndi pobwerera madzulo, poti zatsala pang'ono. Anatsegula chitini, natenga pasipoti, naiika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Amayi anawapatsa tiyi osawayang'ana kumapazi.

Tsiku limenelo basi sindinakwere, ndinawatsatira chapatali. Pamsewu ankayenda bwino. Atayamba chitunda ndinaona phewa lakumanja likutsika pang'ono akaponda. Pakati pa chitunda anaima, nakhala pamulu wa matabwa, namasula zingwe zonse. Anazilowetsanso akudumpha bowo loyamba, namanga, naponda kawiri poyesa. Kenako ananyamula thumba lawo n'kupitiriza kukwera.