Mphuno ya alamu inadzukira m'kapu ya tiyi

Alamu anga ndi kalipentala, ndipo mumsewu mwathu aliyense amawatcha aMphuno. Si kuti mphuno yawo ndi yaikulu ayi, munthu angoyerekeza kunena zimenezo ine ndili pafupi. Dzinali linabwera chifukwa cha kagulidwe kawo ka matabwa. Anzawo amagogoda thabwa, kulinyamula, kuliyang'ana atatsinzina diso limodzi. Alamu amangolipala pang'ono ndi mpeni n'kugunditsa mphuno. Akati ili n'laliwisi, wogulitsa alumbire mpaka atuluke thovu, n'laliwisi basi. Zaka makumi awiri ndi zisanu, palibe chitseko chawo chinapindikapo.

Ine ndimagulitsa malamba ndi zipewa moyang'anizana ndi shedi yawo, komanso anakwatira achemwali anga, ndiye zawo ndimazidziwa mpaka m'kati.

Chaka chatha anadwala chimfine chotseka fungo. Thupi linachira, mphuno osabwerera. Iwo n'kubisa, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Ankapitabe kogula matabwa n'kumanunkhiza mongonamizira, mpaka tsiku lina anatuta mulu wonse wauwisi. Zitseko zitatu za mphunzitsi wina zinapindika mwezi usanathe. Telala wa pakona atanena kuti aMphuno atha ntchito, ndinamuponyera tepi yake m'ngalande, ndipo mpaka lero sindinapepese. Koma chinandiwawa kwambiri n'chakuti alamu eniake anali atayamba kufunsa amene angagule zida zawo. Ankati kalipentala wosanunkhiza ndi wongodula mitengo.

Loweruka lina masana, mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito m'sitolo ya zakumwa, anatulukira kushedi ndi botolo m'chikwama. Anati ndi wisiki wa boboni, wopangidwa ndi chimanga, wa pashelefu yapansi pamene amayambira ophunzira kumwa. Abwana ake anamupatsa kuti alawe adziwe chouza makasitomala, koma iye mowa samwa. Ndiye tilawe ife, iye azilemba.

Ndinatsuka makapu a tiyi changu, n'kudzithirira mpaka m'milomo.

"Amalume, si madzi apampopi awa," anatero akundilanda botolo. "Muyezo wa zala ziwiri basi."

Anachedwa. Ndinali nditagugudiza kale theka. Abale, moto unatsika pakhosi n'kukatulukira m'makutu. Misozi ili chuchuchu ndinamuuza alembe kuti ndi palafini wovala suti.

Alamu sanaseke. Anafunsa ngati tabwera kudzawatonza, poti tonse tikudziwa kuti iwo ngakhale anyezi samumva. Mwana anawanyengerera: kapu aigwire pansi pa mphuno, asaikanikize ngati thabwa, pakamwa atsegule pang'ono. Anachita, pongofuna kuti mwana asakhumudwe.

"Vanishi," anatero.

Chitini cha vanishi chinali pabenchi pompo, chosavundikira. Ndinaona kuti akulu akunamiziranso, akununkhiza ndi maso. Ndinapsa mtima, ndinawakoka dzanja mpaka kuseri kwa shedi kopita mphepo, kumene kulibe utuchi kapena guluu. Ndinati tsopano nenani zoona, kuno kulibe chitini choonera.

Ananunkhizanso. Anati vanishi alipo ndithu, ali pamwamba, ndipo ndi wa mowawo. Mwana anadontheza timadzi pang'ono m'kapu. Alamu anapukusa, kununkhiza, kunyowetsa lilime. Nkhope inayamba kusintha, ndinaiona ndi maso angawa. Anatchula shuga wopserera m'poto. Kenako ananunkhizanso.

"Mowa uwu unagona m'matabwa," anatero pang'onopang'ono. "Matabwa atsopano, ndipo wina anawatentha ndi moto."

Ndinatembenukira mtsikana uja n'kumulalatira kuti anawanong'oneza pofuna kuwasangalatsa, ndipo bodza lotere limapha munthu. Analumbira kuti iye sakudziwa n'komwe. Anatembenuza botolo n'kuwerenga tizilembo takumbuyo: wosungidwa zaka ziwiri m'migolo yatsopano yamatabwa, yotenthedwa m'kati.

Zimene ndinachita musandifunse. Achemwali anatuluka ndi chipande m'manja poganiza kuti ndayambanso ndewu, n'kundipeza ndawanyamula amuna awo m'mwamba, wisiki akutayikira pa malaya anga.

Atatsika pansi, alamu anasanduka mphunzitsi. Anati zaka ziwirizo zikumveka: mowawu ndi waphuma ngati thabwa lochotsedwa padzuwa msanga. Umayamba bwino, kutsekemera ngati chimanga chootcha, kenako umaluma pakhosi, ndipo ukangomeza watsanzika, sucheza. Timadzi tiwiri timauweta. Mwana anafunsa kuti nanga makasitomala awauze chiyani, zonsezi n'zazitali.

"Uwauze kuti ndi mpando wakukhitchini. Mlendo wolemekezeka sungamukhazikepo, koma sugwedera."

Analemba momwemo. Za palafini wanga anafufuta, mwana wopanda ulemu.

Lolemba m'mawa ndinasiya malamba ndi achemwali n'kuwaperekeza kogula matabwa, kuti wina akawaseka ndikhale ndilipo. Anatulutsa mpeni, kupala, kununkhiza, kukana. Thabwa lachiwiri kukananso. Anakana asanu ndi limodzi, wogulitsa akulumbira kuti ngouma chiumire. Alamu anangomuuza kuti awaimike padzuwa milungu itatu, adzabweranso. Thabwa lachisanu ndi chiwiri analinunkhiza kawiri, n'kuliika paphewa.

Pobwerera thabwalo ndinasenza ine, ndipo ndinadutsa nalo dala pakhomo pa telala, pang'onopang'ono, ndikutsokomola.

Zida sizinagulitsidwe. Botolo lija likadalipo pashelefu, pakati pa guluu ndi misomali, silinafike n'theka lomwe. M'mawa uliwonse alamu amalitsegula, kununkhiza, kutseka, n'kuyamba ntchito. Ine anandiletsa kuligwira. Akuti ndimamwa ngati ng'ombe yochokera kolima.