Mfutso pa Galasi la Amalume

Linali galasi lakuda, kukula kwake ngati chitseko cha khola la mbuzi. Amalume analigula ku Domwe atagulitsa kachewere yense wa chaka chathu chachiwiri chibwerereni kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Ankalitcha painelo, lotapa mphamvu ya dzuwa. Analikhazika pathandala kuseri kwa nyumba, waya n'kulowa pazenera mpaka ku bateriya imene inkayendetsa wailesi. Wailesiyo sinali yomvera nyimbo ayi. Lachitatu lililonse masana pawailesipo ankawerenga mayina a anthu amene nkhondo inawabalalitsa, amoyo ofunafuna abale awo, komanso ena opezeka atatisiya. Ife tinkadikira dzina la abambo.

Mvula itayamba kukata, wailesi inayamba kukomoka. Inkayankhula pang'ono, n'kukhosomola, kenako zii, mayina asanafike n'pakati pomwe.

Aphunzitsi athu, amene ankabwera kudzamvera nawo atavala jekete lotuwa ndi choko, sanachedwe kuweruza. Ankati dzuwa ndi mlendo, silidalirika, makamaka kumapiri kuno kumene nkhungu imagona mpaka atambala atatopa. Ankatchula gasi wa pansi pa nthaka, magetsi a ku Kahora Basa, ndi nyukiliya imene akuti ku Joni imayatsa mizinda osapumira. Amalume ankati zonsezo n'zabwino, koma n'chiti mwa zimenezo chinapondapo kwathu ku Lifidzi? “Waya wanuyo akadzafika ndidzakhala nditaola,” ankatero. Lero anthu a matayi akamakangana zomwezi pawailesi mtima umandipsa, chifukwa palibe mmodzi wa iwo anakhalapo pamkeka kudikira dzina bateriya ikufa.

Komabe amalume anagonja. Ananena kuti Loweruka abweza galasilo ku Domwe. Tonse tinkadziwa kuti likapita, wailesi yatsekanso pakamwa.

Chimene sankadziwa n'chakuti iwo akangonyamula khasu kupita kudimba, amayi ankandipatsa lichero la khwanya wofutsa kuti ndikayanike pagalasipo. Pankatentha mpaka kuwotcha zala, mbuzi sizinkafikapo, mfutso unkauma tsiku limodzi, kafungo kake kakumveka mpaka kuchimbudzi. Ndinkayala mwaluso, osasiya mpata ngakhale wa ntchentche. Dzuwa likapendeka ndinkaolera, galasi n'kulipukuta ndi malaya. “Usawauze amalume ako,” amayi ankatero.

Ine chibadwire pakamwa panga sipasunga moto. Lachitatu lomaliza wailesi itakomokanso, aphunzitsi n'kuyambanso kunyoza dzuwa, ndinaphulika. Ndinawafunsa kuti ngati silidalirika, likuumitsa bwanji mfutso wathu tsiku limodzi pagalasi pomwepo. Amalume, munthu wotha kutukwana njinga ikaphwa, anatembenukira kwa amayi, amene anali atangofika ndi mtsuko wa madzi. Sanakalipe. Anati, “Mlongo wanga, kaya n'zabwino kaya n'zoipa, tizimvere limodzi.”

Loweruka galasi silinapite kulikonse. Mfutso unabwerera pamphasa, wailesi inayamba kuyankhula mpaka mapeto. Patapita masabata atatu dzina la abambo linatchulidwa pakati pa amoyo, kuti ali ku Chimoyo ndipo akufunafuna mkazi ndi mwana wawo. Anafika nyengo yozizira, akutsimphina, chikwama chimodzi paphewa.

Aphunzitsi sanavomereze kuti analakwa. Ankati tidikire nkhungu, ndipo sindiwanamizira, itabwera bateriya inkafookadi masiku ena. Koma lero pampu ya kudimba kwanga imayendera dzuwa lomwelo, pomwe waya wawo uja kwathu tikumudikirabe.

Zaka zambiri ndinkawaseka amayi kuti sankadziwa ntchito ya galasi. Ndinali mwana. Sindinadzifunsepo chifukwa chake mphasa yoyanikira inangokhala yopinda pakhonde nyengo yonseyo, kapena chifukwa chake Lachitatu masana amayi ankanyamuka kukatunga madzi mitsuko yonse ili yodzaza.