Sipuling'i Imene a Enoki Sanabe

Alamu anga a Enoki, amuna a achemwali anga a Tabita, anali ndi kashedi pa Madisi. Ntchito yawo inali yokonza njinga, koma chinawatchukitsa ndi mfuti za mpweya, zija alimi amaombera makoswe m'nkhokwe ndi akhwangwala olanda anapiye. Ena ankachokera nazo kumapiri a Ntchisi. Matenda a mfutizo anali amodzi: sipuling'i ya m'kati imatopa, makamaka mwini akamaisiya yokoka tsiku lonse podikira njiwa. A Enoki ankaisintha, kenaka n'kumukalipira mwiniyo ngati mwana wa Sande sukulu. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo udindowo ankaunyadira kuposa shedi.

Mu 1989 tcheyamani wa chipani wa dera lathu anabwera ndi mfuti imene mwana wake anamutengera ku Mangalande. Tonse tinkaidziwa, poti bamboyo sankatseka pakamwa osaitchula. Akuti sinkanjenjemera poomba ngati zathuzi, ndipo ngakhale uisiye yokoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mphamvu yake inali yomweyo. Tsono inali itafooka: chipolopolo chinkangogwera pamapazi.

A Enoki ataimasula anapeza kuti mulibe sipuling'i. Munali kachitsulo konga pampu ya njinga, kotseka mbali zonse, kamene amadzazamo gasi kufakitale. Gasiyo ndiye amakankha m'malo mwa sipuling'i, ndipo anali atathawa. Mawa lake anauza mwini wake zoona zokhazokha: mfuti yabwino chotere sanaigwirepo, koma kuno kulibe angaidzaze. Zathu zogwederazi zikafa zimadzukanso, iyi ikafa yafa.

"Mfuti yopanda sipuling'i munaiona kuti inu?" anatero tcheyamani. "Mwachotsa. Pofika Loweruka ibwerere, apo ayi achinyamata a chipani agwetsa shedi ino."

Chimandipsetsa mtima mpaka lero si tcheyamaniyo ayi, uja tinkamudziwa kale. Ndi anthu amene anali pamenepo. Alimi omwewo amene a Enoki anawakonzera mfuti zaka khumi ndi zisanu, osasowetsapo ngakhale kabawuti, anangogwedeza mutu kuti n'zoona, mfuti iliyonse ili ndi sipuling'i. Anawaphunzitsa zimenezo ndani? A Enoki omwewo.

Kunyumba achemwali anawachonderera kuti angoikamo sipuling'i yawo, poti ana asanu ankadya kuchokera m'shediyo. Iwo anakana, nati kuikamo n'kuvomera kuba. Masiku atatu ankangoyendayenda pabwalo, manja kumbuyo. Lachisanu anachotsa kachitsulo kaja, n'kudula sipuling'i yatsopano, n'kuipala mpaka inakwana. Luso analidi nalo, ndipo ndi lomwe linawapachika.

Loweruka tcheyamani anaika chitini pachitsa, gulu likuona. Anaomba, chitini n'kugubuduka.

"Mwaona? Wabweza."

Anadandaulanso kuti mfuti tsopano ikunjenjemera, ndiye kuti wakubayo wasunga yeniyeni n'kuikamo yachabechabe. Palibe anatsutsa, ngakhale ine, ndipo ndimachita nazo manyazi.

Sabata yotsatira akuluakulu anzawo a mpingo anawaitana ndi funso limodzi: sipuling'i anaikamo kapena ayi? A Enoki, poti bodza sankalitha, anati anaikamo. Anatulutsa kachitsulo kaja m'thumba kuti afotokoze, koma palibe anakagwira n'komwe. Akuluakuluwo anawayamikira kuti kubweza chakuba n'chiyambi cha kulapa, kenaka n'kuwachotsa paukulu.

Shedi inatsala, ana anakula, onse anapita kusukulu. A Enoki anagwiranso ntchito zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mfuti zinkabwerabe, poti wina wozidziwa kunalibe. Kungoti kuyambira chaka chimenecho palibe ankasiya mfuti yake n'kupita kumsika. Aliyense ankakhala pomwepo, maso pamanja a Enoki, mpaka amalize kumanga bawuti yomaliza.