Kuperekeza Maliya Wothawa ku Chiputo

Ndinanyamuka pa Fingoe Lachisanu dzuwa lisanakwere, ine ndi Maliya. Maliyayo anali wa mtengo wa mlombwa, wondilekeza m'mapewa, titamukulunga mumphasa. Bambo anamusema miyezi isanu ndi manja onjenjemera, ndipo tonse pakhomo tinkadziwa kuti akatula sompho ulendo uno sadzaitolanso. Anamuitanitsa ndi akhristu a kapela ina kuseri kwa Chiputo, koma anachenjezeratu kuti akapanda kuwasangalatsa, abwerera kumene wachokera.

Nkhawa yanga inali pomwepo. Bambo anatengera nzeru pa kalendala yakale yokhala ndi zithunzi za ntchito ya mmisiri wina wa ku Italiya, amene ankasema mwala mpaka nsalu kuoneka ngati ikuuluzika ndi mphepo. "Munthu uyu sankaimika oyera ngati asilikali," ankatero bambo. Choncho Maliya wawo sanaime njo, manja pachifuwa. Anali pa liwiro kuthawira ku Ejipito, mwana m'manja, khosi atapotolera kumbuyo.

Woyendetsa kamyao, lole yonyamula chimanga, anandiuza kuti ndilipire mametikali mazana atatu, Maliyanso chimodzimodzi. Nditadandaula anaseka. "Mana, mlongo wanga, pa kamyao yanga palibe woyera. Aliyense ndi mpando wake."

Pamudzi woyamba panakwera anthu ena. Ataona mphasa yomanga ndi zingwe, amuna anavula zipewa, nkhani zonse zii. Mayi wina anasendera pafupi nane. "Pepani mwanawe. Adwala nthawi yaitali?" Nditavundukula pang'ono kuphazi, kamyao yonse inafa nacho chiseko. Mayiyo anandipatsa chinangwa chophika kuti ndimukhululukire, kenako anafungatira mapazi a Maliya njira yonse kuti asagundike. Dzina lake sindinafunse, ndipo ndimadziimba mlandu mpaka lero.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pamtsinje wouma wa miyala yokhayokha. Tonse tinatsika, kamyao n'kumaoloka ikutsimphina. Amuna anayi, wina wa mpingo wosalola n'komwe zosemasema, anamunyamula Maliya mpaka tsidya popanda wowapempha.

Pa Chiputo tinafika dzuwa litapendeka. Ngolo ya ng'ombe inali ikutidikira, ndipo pakapela tinapeza anthu atakhala kale pamthunzi. A Zuze, mkulu wa mpingo, anamasula zingwe okha. Anamuzungulira Maliya kawiri, manja kumbuyo.

"Mwana wanga, ameneyu ndi Maliya kapena ndi mayi wothawa njuchi? Nsalu balala, maso kunja. Ulemu uli pati?"

Ena anaseka. Ine ndinayamba kulingalira mawu okawauza bambo.

Pamenepo akazi awo a Zuze anadzuka pagulu la amayi. Sanayang'ane nsalu kapena nkhope. Anawerama n'kugwira dzanja la Maliya, limene bambo analisema litatseka kukamwa kwa mwana.

"A Zuze, mwaiwala?" anatero chapansipansi. "Umu si mmene ndinamutsekera Paulino wathu, tikuoloka kupita ku Zambia nthawi ya nkhondo? Munkati akalira tafa tonse."

Palibe anasekanso. Mayi wina kumbuyo anayamba kusisima, mnzake n'kumugwira paphewa. A Zuze anakhala nthawi akuyang'ana kadzanja kamtengoko, kenako anatsokomola. "Anyamata, mulowetseni. Bwinobwino pachitseko apo."

Pobwerera ndinkaganiza za onse amene anandithandiza kusenza katundu wosakhala wawo. Ndinazindikiranso kuti bambo sanangokopera za ku Italiya. Kwa mmisiri uja anabwerekako kulimba mtima kokha, zinazo anaziona ndi maso awo.

Ndinawapeza ali pakhonde, manja atawabisa pakati pa mawondo. Sanandifunse za msewu.

"Amulandira?"

"Bambo," ndinatero, "amuzindikira."