Kamera pa Mtondo

Kamera ndinaigula pa msika wa Mponela zipani zitangochuluka kumene, nthawi yomwe aliyense ankangoyala katundu pansi n'kumagulitsa popanda womufunsa khadi. Inali yakale, yolemera ngati njerwa, yopanda fulashi. Ine ndinali mphunzitsi pa pulayimale ya kufupi ndi kwathu, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Aphunzitsi anzanga aamuna ataiona anaseka mpaka kugwira nthiti. Ati mkazi ndi kamera, dziko lamasuka mpaka pamenepa? Ndinawauza kuti akadzafuna zithunzi za ukwati asadzaponde pakhomo panga.

Koma kamerayo ndinaigulira chinthu chimodzi. Alongo anga, oyamba kubadwa kwathu, anathawira ku Zambia ine ndili kamtsikana kosadziwa n'kusinja komwe. Anali atalankhula pamowa mawu omwe masiku amenewo sankalankhulidwa. Zinthu zitasintha anayamba kutilembera makalata, koma kubwera ayi. Ankati tidikire kaye, tione ngati mphepo yatembenukadi. Anzawo ankabwerera m'makwawo, iwo ali phee. Kuno amayi chifuwa chinali chitawagwira, akuonda tikuona ndi maso.

Tsiku lina anandiitana. "Iwe, undijambule umutumizire. Andione ine, aonenso phiri lake. Mwina mtima ungamukoke."

Phiri lakelo ndi lomwe alongo angawo ankadyetsako mbuzi ali mwana. Ukakhala pa khonde la nyumba yathu limaonekera chakumapeto, kupitirira mzati womaliza. Amayi anasamba, anavala yunifolomu yawo ya amayi a mpingo, bulauzi yoyera ndi duku loyera, nakhala pa mpando wa malemu abambo, manja pamaondo, nkhope yolimba ngati akudikira jakisoni. Kwathu umu ndi momwe munthu amajambulitsira. Ine ndinajambula monyada, filimu n'kuitumiza ku Lilongwe kuti akatsuke.

Chithunzi chitabwera, mayo ine! Phiri linatuluka bwinobwino, mitambo yake ili pamwamba. Duku lili mbee, bulauzi ili mbee, koma pakati pa ziwirizo panangoti bii ngati kunsi kwa mphika. Amayi anachiyang'ana, nachitembenuza, n'kundifunsa kuti, "Ndiye mwana wanga tikamutumizire duku?"

Ndinayesanso. Pa kamera pali kamkombero komwe ukakapotoza kabowo kolowetsa kuwala kamakula. Ndinakatsegula kwambiri. Ulendo uno nkhope inaoneka, koma phiri linasowa, kunja konse kunangoyera ngati ufa wothiridwa pa mphasa, ndipo duku linasungunuka. "Phiri wapita nalo kuti?" anatero amayi. Ndinawatulutsa padzuwa, koma anangotsinzina, chizungulire n'kuwagwira. Ananenanso kuti popanda khonde lija mwana wawo sadziwa kuti ndi pakwawo. Kunena zoona ndinapsa mtima, pang'ono kuti kamerayo ndiiponye m'chimbudzi.

M'malo mwake ndinapita nayo ku Mponela, kwa bambo ena omwe anali ndi situdiyo kuseri kwa sitolo ya njinga. Ankajambula zithunzi za pa ziphaso, ndipo zakuda ndi zoyera ankatsuka okha pamanja. Ndinalowa ndi ukali wanga wa m'kalasi, n'kuwauza kuti andichitire umboni kuti a pamsika aja anandigulitsa chinthu chakufa. Anayala zithunzi zanga ziwiri pa tebulo, n'kuyamba kuseka, koma kuseka kwa munthu amene wapeza mnzake wa pamavuto.

"Aphunzitsi, ichi chinandisowetsa tulo inenso," anatero. "Maukwati onse ndimalimbana nacho, diresi loyera ndi nkhope zathuzi. Diso la munthu limaona za padzuwa ndi za mumthunzi nthawi imodzi. Filimu siingathe, imasankha mbali imodzi. Ndiye musailamule zonse pakamodzi. Jambulani katatu kamera ili pamalo amodzi: koyamba mutseke kabowo kuti phiri lioneke, kachiwiri pakatikati, kachitatu mutsegule kuti nkhope ioneke. Kamera isagwedezeke, munthu asagwedezeke. Zolumikiza tidzaonera limodzi."

Anandiikira m'kamera kachidutswa ka filimu yawo komwe kanatsala, kokwanira zithunzi zitatuzo basi. Ndinatuluka m'menemo mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba.

Choikapo kamera cha miyendo itatu ndinalibe, choncho ndinagubuduza mtondo wa amayi n'kuuvundikira pabwalo, kamera pamwamba, nsalu yopindapinda kunsi kwake. Amayi anati mtondo wawo walembedwa ntchito ya mu ofesi. Koma tsikulo sanadzuke bwino. Kuchoka pa mphasa kufika pa mpando ndinachita kuwagwiriza, ndipo duku ndinawamanga ndine. Ndinawachenjeza ngati ana a sukulu: "Amayi, olo nyumba ipse, musagwedezeke mpaka ndinene."

Choyamba, cha phiri, chinatheka. Chachiwiri chinatheka. Ndinapotoza kamkombero kaja pang'onopang'ono, osapuma n'komwe, chala chili pa batani. Nthawi yomweyo pa njira ya kumbali kwa nyumba panadutsa mayi wina atasenza nkhuni.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Ine ndinaiwala chinthu chimodzi. Amayi anga chibadwire sanasiyepo moni wa munthu kugwa pansi. Anatembenuka, naphatikiza manja, nkhope yonse n'kumasuka. "Taswera, kaya inu anzathu?" Chala changa chinali chitadina kale, ndipo filimu inathera pomwepo.

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Mayi wa nkhuni uja anathawa osamaliza n'komwe kuyankha. Amayi anandiyang'ana modabwa. "Ndiye ndimusiye munthu ataima ndi moni wake chifukwa cha kabokosi kako? Ndine mfiti ine?" Atatero chifuwa chinawayamba, ndipo ndinadziwa kuti pa mpando paja sakhalaponso msanga. Ndinakawagoneka, n'kupita kukalilira kuseri kwa nkhokwe.

Ku Mponela ndinapita mwamwambo chabe, poti filimu inali ya eni. Bambo aja anaitsuka, naiyang'ana pawindo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amayi ayankha moni, inde. Koma phiri silinayankhe, mzati sunayankhe, mtondo wanu sunayankhe. Onani, phiri lili mbali iyi ya mzati, amayi ali mbali inayo. Malire tawapeza kale."

Anandilowetsa m'chipinda chawo chamdima, momwe munali babu lofiira ndi fungo la mankhwala lotsamwitsa. Tinadula katoni ya sopo motsata mzati ndi mphepete mwa denga. Pa pepala limodzi tinawalitsa kaye filimu ya phiri, katoni itaphimba mbali ya amayi. Kenaka tinaika filimu ya nkhope, n'kuphimba mbali ya phiri. Katoniyo ndinkagwira ine, ndikuigwedeza pang'ono monga anandiuzira kuti msoko usaoneke. Pa duku anaonjezerapo kuwala kudzera pa kabowo ka pakati pa zala zawo kuti mapindo ake atuluke. Tinaononga mapepala angapo. Lina mzati unatuluka pawiri, lina amayi anakhala ngati ali m'utsi. Bamboyo sanadandaule, ankangoti tiyeni tibwereze.

Pepala lomaliza litalowa m'mbale ya mankhwala, chinthu chinayamba kutuluka ndikuona. Phiri ndi miyala yake. Mitambo. Mzati. Kenaka amayi anga, atapendeketsa mutu, manja ali pamodzi osaoneka bwino poti ankayenda, mpata wa m'mano uli poyera, makwinya onse, mafupa a m'masaya omwe matenda anatulutsa. Zithunzi zawo zina zonse ndi za munthu wodikira jakisoni uja. Ichi chokha ndi cha amayi anga. Ndinalira m'chipinda cha eni, ndipo bamboyo anachita ngati akufunafuna kanthu pa shelefu.

Amayi atachiona anati, "Aa, ndakalamba chonchi? Bwanji simundiuza?" Koma analola kuti nditumize.

Mpaka lero bambo a situdiyo aja ndimawayamika, ngakhale situdiyo yawo inasanduka saluni kalekale. Mayi wa nkhuni ndimamuyamikanso. Mafoni a masiku ano akuti amachita zonsezi okha, kujambula katatu n'kulumikiza munthu usanaphethire. Zabwino zake, koma ine ndinaphunzirira pa mtondo ndi katoni ya sopo.

Mvula isanagwe chaka chomwe tinatumiza chithunzicho, masana ena amayi ali pa mphasa pakhonde, pa njira ija panaima bambo wa imvi atanyamula chikwama. Anati odi. Amayi anatembenuka, naphatikiza manja monga mwa masiku onse. "Fikani, bambo. Mwachokera kuti?" Alongo anga anangogwada pafumbi pomwepo. Amayi anawayang'anitsitsa, kenaka anaitana dzina la paubwana lomwe ine ndinali ndisanalimvepo chikulire.

Anakhala nafe limodzi mpaka tinakolola, ndipo amayi atamwalira ndi alongo angawo amene anawatseka maso. Titachoka kumanda, tili pa khonde lomwelo, anatulutsa chithunzi chija m'thumba la malaya, chitapindika m'makona. Ndinawafunsa ngati linali phiri lomwe linawakoka, monga amayi ankaganizira.

"Ayi, mlongo wanga," anatero. "Phiri ndinalidziwa pompo. Koma ndinakhala nthawi ndikudzifunsa kuti agogo akupereka moniwa ndi ndani. Nditazindikira, ndinadzuka kukafunsa za basi."